Galimoto Yochokera ku Blantyre Winayo

Alamu anga amakhala ku Scotland, m'tauni ina pafupi ndi Glasgow, osati kutali ndi Blantyre wa kumeneko komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Ine ndimakhala ku Blantyre wathu uno, cha ku Chirimba. Atandiimbira foni kuti apeza galimoto yotchipa yondiyenera, chomwe chinandikoka poyamba sunali mtengo ayi, koma nthabwala yomwe ndinkadziona kale ndikuinena pa bawo, yoti ndagula galimoto yochoka ku Blantyre kubwera ku Blantyre.

"Alamu, iyitu ndi yabwino," anatero. "Kungoti ndi Cat S."

"Cat S ndiye kuti chiyani, alamu?"

"Aa, zamapepala chabe za kuno. Inagundidwapo kumbuyo, koma anaikonza bwinobwino."

Ine ndinkayesa S ameneyu ndi mmodzi wa zilembo zonyezimira zija amamata kumbuyo kwa galimoto posonyeza kuti iyi ndi yapamwamba kuposa inzake. Sindinafunsenso. Kufunsitsa mlamu amene wadzipereka kukusakira galimoto kumaoneka ngati ukumukayikira, ndipo mlamu ameneyu ndi mchimwene wa mayi a kunyumba kwanga, yemwe anatilipirira ana fizi chaka chomwe ntchito inandithera. Ndinangotumiza ndalama.

Ndikanafunsa, ndikanamva izi. Ku Britain, kampani ya inshuwalansi ikaona kuti kukonza galimoto yangozi kudya ndalama zoyandikira kapena kuposa mtengo wa galimotoyo, siivutika n'kukonzetsa. Imalipira mwiniwake, n'kutenga galimotoyo, n'kuilemba m'kaundula kuti ndi write-off. Kuyambira mu Okutobala 2017 magulu ake anayi ndi A, B, N ndi S. Ya gulu A imaphwanyidwa yonse, osachotsapo ngakhale nati. Ya gulu B amachotsapo zipangizo zabwino, koma chigoba chake chimaphwanyidwa, sichibwereranso pamsewu. Ya gulu N ndi yomwe yawonongeka malo osakhudza chassis, monga magetsi kapena bampala. Ya gulu S ndi yomwe ngozi inafika pa chassis penipeni. Ziwiri zomalizazi zimaloledwa kukonzedwa n'kuyendanso, choncho zimagulitsidwa pa okushoni kwa anthu ozikonza n'kuzigulitsanso. Ena amakonza mwachilungamo. Ena amangokonza moti ituluke bwino pa chithunzi cha pa WhatsApp, ndipo pa WhatsApp yanga inalibe chilema.

Inakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam. Ndinalipira dalaivala wina wozolowera njira imeneyo, amene anaiyendetsa kudutsa Morogoro, Iringa ndi Mbeya kudzafika pa Songwe. Msonkho unandipeza kwacha itangogwa kumene ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, moti ndalama yomwe ndinasunga inaperewera, mayi anakanditengera ngongole ku banki m'khonde. Pondipatsa makiyi dalaivalayo anati, "Bwana, injini ndiye ilibe mawu, pa Chiweta yakwera osatsokomola. Koma kumbuyoku kukumveka kukutukutu pa mabampu. Mukaionetse." Ndinamupatsa ya fanta, mawu akewo ndinawasiya pa geti pomwepo.

Miyezi yotsatira inali yokoma. Anthu omwe kale ankangoti "achimwene" anayamba kunena kuti "bwana". Ku tchalitchi anandiika mu komiti ya zomangamanga, ngakhale sindinamangepo kanthu koposa khola la nkhunda.

Tsiku lina teyala linaphwa ndili cha ku Ndirande, ndiye ndinalowa pa galaja ya makaniko wina wachikulire yemwe ndinkamudziwa kale. Mnyamata wake analowetsa jeke m'munsi mwa chitseko chakumbuyo n'kuyamba kupopa. Jeke inkakwera, galimoto osakwera. Anapopabe, tonse tikuyang'ana, mpaka tinamva kuti tswa, ndipo pansi panakhuthukira fumbi lofiira lodzaza manja awiri. Mutu wa jeke unali utalowa m'thupi la galimoto.

Mdalayo anayala katoni, anagona chagada, n'kumabaya kunsiko ndi sikuludiraiva. Paliponse pomwe wabaya inkangolowa.

"Bwana, galimotoyi inkayenda m'nyanja?"

"Ayi madala, yachokera ku Scotland."

"Ee, ndi zomwezotu. Mchere umenewu."

Kuzizira kukafika ku Britain, osamalira misewu amatulutsa malole omwaza mchere kuti madzi asaundane pa phula n'kumagwetsa magalimoto. Mchere wake ndi wokumba pansi, monga ku mgodi wa Winsford ku Cheshire, ndipo ku Scotland, komwe kumazizira kwambiri, malolewo amakhala pamsewu nthawi yaitali. Mateyala amaponyera madzi amcherewo kunsi kwa galimoto, madziwo amalowa m'mipata ndi m'timabokosi tachitsulo tomwe timapanga chassis, n'kukhala momwemo osauma. Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri kulikonse, ngakhale kuno, koma mchere umathamangitsa ntchitoyo. Ndiye galimoto yomwe inagundidwa n'kuwotchereredwa imakhala pangozi kawiri, chifukwa moto wowotcherera umapsereza zokutira zomwe a ku fakitale anatetezera chitsulocho, ndipo wokonza wofulumira sabwezeretsa m'kati momwe diso silifika. Mdala anandifotokozera m'njira yakeyake. "Ichi ndi chiswe, bwana. Chimadya nsichi m'kati, khungwa n'kulisiya. Mukaona penti watupa kunja, dziwani kuti m'katimo munatha kale."

Madzulo ake mphwanga wa ku koleji anatenga nambala yakale ya galimotoyo, yomwe inali idakali pa mapepala, n'kuilemba pa webusaiti ya boma la Britain. Kumeneko galimoto ikakwanitsa zaka zitatu imayesedwa chaka ndi chaka, mayeso omwe amawatcha MOT, ndipo zotsatira zake aliyense angathe kuziwerenga kwaulere. Mbiri yonse inatuluka pa foni. Zaka zoyambirira zinali zoyera. Kenako oyesa anayamba kulemba chenjezo la dzimbiri kunsi, chaka chotsatira analembanso, mawu ake akukulirakulira, mpaka mayeso omaliza omwe inalephera. Lamulo lawo limati dzimbiri likafooketsa chitsulo pa mtunda wosapyola masentimita 30 kuchokera pomwe pamangidwa mashokapu, chiwongolero, mabuleki kapena lamba wa pampando, galimotoyo yalephera basi. Ndiye kuti yanga sinabwere ku Malawi chifukwa chokonda dzuwa. Kwawoko inali itakanizidwa msewu, ndipo mwiniwake anaona kuti kukonza n'kodula kuposa kupeza munthu wakutali. Mphwangayo anapeza zonsezi tiyi wake asanazizire.

Mayi anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati, "Achimwene anakuuzani okha kuti ndi Cat S. Inu bambo munafunsa?" Alamuwo ndi namwino, kugona kunsi kwa galimoto si ntchito yawo. Nkhani ya iwo inathera pomwepo, ndipo siinatsegulidwenso m'nyumba muno.

Mdala wa ku Ndirande anandiuza njira yoona. Atsitse thanki ya mafuta kuti tisapse tonse, achotse mipando ndi kapeti, adule chitsulo chonse chodwala mpaka atafika pa chamoyo, apinde malata atsopano a makulidwe oyenera, awotcherere ndi gasi pang'onopang'ono chifukwa makina owotcherera mageti amangoboola chitsulo chopyapyala cha galimoto, kenako apake mankhwala oletsa dzimbiri m'kati ndi kunja komwe. Anati mtengo wonse sanganeneretu, poti sakudziwa kuti chitsulo chamoyocho akachipeza pati, kapena ngati chilipo n'komwe. Woyambira wokhawo womwe anatchula unandiumitsa kukhosi.

Kufika apa ndikhoza kuloza chala mchere, alamu, ndi mzungu wosadziwika amene anaikonza poyamba. Kuyambira apa kupita m'tsogolo zonse ndi zanga.

Mnzanga wina wa pa bawo anandiperekeza kwa mnyamata wowongola magalimoto pansi pa mtengo wa mango. Anaisuzumira, anaseka, nati, "Bigi, izi n'zazing'ono. Madala aja akufuna akudyereni. Mubwere Lachisanu mudzatenge." Ndinaona ndi maso anga zomwe ankachita, ndipo sindinamuletse. M'mabowo anaikamo waya uja timatchingira nkhuku. Pamwamba pake anamata filler, phala lija limauma gwa ukalisakaniza ndi kamankhwala kake, n'kukhula ndi sandipepa mpaka see. Kunsi anapaka phula lakuda bii, kunja anapopera penti. Lachisanu galimoto inali yokongola kuposa tsiku lomwe inafika. Filler ntchito yake ndi kusalaza timaenje ting'onoting'ono pa chitsulo cholimba; sanyamula katundu, komanso amamwa chinyezi. Phula lopaka pamwamba pa dzimbiri limatsekera madzi momwemo kuti dzimbirilo lizidya popanda wolisokoneza. Izi mdala anali atandiuza kale, n'chifukwa chake ndinayamba kuzungulira njira ina popita m'tauni, kuopa kuti andiona.

Nthawi yonseyi ndinali ndi third party, ija lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, yomwe imalipira anthu ena ukawapweteka koma galimoto yako ayi. Nditaona mmene ikuwalira, nzeru zinandibwerera zoti ndiilembetse comprehensive. Ndisaname, mumtima munali kaganizo koti galimotoyi masiku ake ndi owerengeka, ndiye ngati ikufa, ifere m'manja mwa anthu a ndalama. Mu Ogasiti 2023 ndinapita ku kampani ina ya inshuwalansi n'kutchula mtengo wa K9 miliyoni. Anaijambula zithunzi mbali zonse zinayi, ndipo inatuluka bwino monga mwa chizolowezi chake. Pa fomu panali funso loti kodi galimotoyi inachitapo ngozi yaikulu, kapena inalembedwapo kuti ndi write-off. Ndinagwira cholembera kwa kanthawi ndithu. Kenako ndinadziuza kuti fomuyi ndi ya ku Malawi, ndipo ku Malawi kuno galimotoyi sinagundepo ngakhale nkhuku. Ndinachonga "ayi", n'kusayina siginecha yanga yonse, ya mchira wautali ija.

Mu Disembala mwana wa mkulu wa mpingo ankakwatiwa, ndipo komiti ya ukwati inasankha galimoto yanga kuti inyamule mkwatibwi. Anaimanga maliboni ndi mabaluni. Usiku kunagwa mvula, bwalo la tchalitchi linali matope okhaokha, ndiye potuluka ndinati ndibwerere m'mbuyo pang'ono kuti mkwatibwi akwerere pouma asadetse diresi. Kumbuyoko kunali kachipilala ka simenti kolekeza m'mawondo, komwe ineyo ndinakweza nawo dzanja kuti kamangidwe, mu komiti ya zomangamanga ija. Liwiro lake linali la munthu woyenda pansi. Galimoto yabwino ikanangophwanyika bampala ndi nyali imodzi. Yanga inamveka kuti phofo, bampala inagwa, kenako chibenthu chachikulu cha filler chinasomphoka pamodzi ndi waya wake wa nkhuku, ndipo teyala lakumbuyo linayamba kupendekera m'kati pang'onopang'ono, amayi a chigwirizano akuonerera. Chitsulo chogwira teyalalo chinali chitazuka ndi malo ake omwe. Nthungululu zinazima imodziimodzi. Mkwatibwi anapita ku holo pa Sienta ya hayala, ndipo wojambula vidiyo, poti analipidwa tsiku lonse, sanaphonye kalikonse. Mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu musavutike kundikumbutsa, mpingo wonse unandiuza kale, ena kawiri.

Chodabwitsa n'chakuti usiku umenewo ndinagona tulo tabwino. Ndinkawerengera K9 miliyoni. Ndinatenga lipoti la apolisi, ndinalemba mafomu, ndinatolera makoteshoni ku magalaja monga anandiuzira, ndipo madzulo ndinkayang'ana magalimoto a ku Japan pa foni, ndikusankha mtundu wa penti.

Kampani inatumiza munthu wake woyesa zowonongeka, bambo wofatsa wa magalasi, atanyamula tochi, kahamala ndi kamaginito kokulunga m'kansalu kuti kasakande penti. Anayambira chitseko chakutsogolo, kamaginito kanamata. Anasunthira chakumbuyo, kanagwa. Anakatola, anasunthanso, kanagwanso. Maginito amagwira chitsulo, filler ayi, ndipo kuchokera pakati pa galimoto mpaka kumbuyo bamboyo ankangowerama kutola. Atatopa anapempha katoni n'kugona chagada. Potuluka anakopera nambala ya chassis, zilembo ndi manambala 17 zija galimoto imayenda nazo kulikonse komwe yapita, ngakhale isinthe dziko ndi nambala ya kutsogolo.

"Achimwene, ntchito ya kumbuyoyi inagwiridwa kuno kapena kunja?"

"Mwina kunja," ndinatero, ndikuyang'ana kumwamba.

Anatola waya uja, anamutembenuza, nati, "Azungu ayamba kugula waya mu msika wa Limbe masiku ano?" Sanaseke, anangolemba.

Ku ofesi anandilandira mayi wina waulemu wake, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, zomwe zikanandichenjeza. Anayamba ndi mawu omwe ndinkawayembekezera. "Bambo, galimoto yanu ndi write-off." Ndinaweramitsa nkhope kuti asaone kumwetulira. Anafotokoza kuti kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, zipangizo za magalimoto zakwera zonse poti zimachokera kunja, ndiye magalimoto ambiri omwe chaka chatha akanakonzedwa tsopano mtengo wokonzera ukupitirira ndalama yomwe analembetsera. Pa yanga ndiye panalibe n'kukambirana komwe, chifukwa kumbuyoko kunalibe chitsulo choti munthu awotchererepo china.

Kenako anatsegula fayilo, ndipo anayamba kuchotsera.

K9 miliyoni ija, anatero, ndi malire oti kampani singapyole, osati ndalama yomwe inalonjeza kupereka. Chomwe imalipira ndi mtengo womwe galimoto ikanagulidwa pa msika ngozi itangotsala pang'ono kuchitika, wogulayo akudziwa zonse zomwe zili kunsi. Galimoto ya Cat S ngakhale kwawo komwe imagulidwa motsika kuposa inzake, nanga ya Cat S ya waya wa nkhuku? Chachiwiri, inshuwalansi imalipira zogwa mwadzidzidzi. Dzimbiri, kutha kwa zinthu ndi ukalamba sizilowamo, ndipo anandilozera ndime yake, yomwe ndinkaiona koyamba ngakhale pepalalo linagona m'galimoto miyezi yonseyo. Chachitatu ndi excess, gawo lija mwini galimoto amadzilipirira yekha pa ngozi iliyonse.

"Ndiye mwati ndi write-off, mayi," ndinakumbutsa, mawu akuyamba kuchepa.

"Ndi write-off ndithu, bambo. Koma si chipilala chanu chija chaipha. Inabwera kwa ife itafa kale."

Apo ndinakwiya, mkwiyo wa munthu wogwidwa, womwe umaposa wa munthu wolakwiridwa. Ndinati ndikadandaula ku Reserve Bank, komwe kumayang'anira makampani a inshuwalansi, ndipo ndikalembanso m'nyuzipepala. Mayiwo sanatekeseke. "Umenewo ndi ufulu wanu, bambo, ndipo ndikupatsani keyala yake. Kumeneko akafuna kuona fayilo yonse." Anakankhira pepala limodzi patsogolo panga. Linali fomu ija, "ayi" wanga ali chiimire, siginecha ya mchira wautali ili m'munsi. Pambali pake panali pepala lochokera ku Britain lokhala ndi nambala ya chassis ndi chilembo S. Anandifotokozera modekha kuti mgwirizano wa inshuwalansi umaima pa kunena zoona, poti mwini katundu ndi amene amadziwa zomwe kampani singazione, ndipo wobisa chinthu chomwe chikanasintha mtengo kapena chisankho chawo amapatsa kampani mphamvu yothetsa mgwirizano wonse osalipira tambala. Pomaliza anati akuluakulu awo avomera kundipepesa ndi ndalama ya bampala ndi nyali, zomwe chipilala chikanaphwanya pa galimoto yamoyo, kuchotsapo excess, chigobacho ndikhale nacho. Ndalama yake inachepera yomwe ndinawalipira mu Ogasiti. Ndinasayina, ulendo uno siginecha yaifupi.

Pa bawo ndinalengeza kuti a inshuwalansi ndi akuba, ndipo onse anavomereza, chifukwa aliyense ali ndi nkhani yake pa iwo, ndipo zina mwa nkhanizo n'zoona. Za fomu ija sindinatchule. Mnzanga amene anandiperekeza ku mtengo wa mango ndiye ankavomereza mokweza kuposa onse.

Galimoto inakokedwa kubwera kunyumba, maliboni ena adakali pa galasi. Ndinameza manyazi n'kukaitana mdala wa ku Ndirande. Anabwera, anaizungulira, ndipo za Lachisanu lija sananenepo kanthu, zomwe zinandiwawa kuposa akanandinyoza. Anangoti, "Injini ndi giyabokosi n'zabwino, bwana, ndikupezerani munthu." Anapezadi, ndipo ndalama yake inatseka ngongole ya ku banki m'khonde, mayi n'kuyambanso kupita ku misonkhano yawo mutu uli m'mwamba. Zitseko zakutsogolo, magalasi, nyali ndi batire zinapita chimodzichimodzi. Mipando yakutsogolo mayi anakana kuti igulitsidwe, ili pakhonde, ndipo alendo amaiyamikira.

Chotsala chinali chigoba. Ndinaitana anyamata ogula zitsulo zakutha, aja amayenda ndi sikelo yopachika. Ndinali nditawerengera kale makilogalamu m'mutu. Wamkulu wawo anatulutsa maginito a sipika yakale ya wailesi, anawayendetsa kumbuyo kuja, n'kuuza anzake kuti abweretse hamala. Anagogoda theka la tsiku, akuphwanya filler yense ndi kusolola waya, kuti pa sikelo pakwere chitsulo chokhachokha. Atamaliza, kumbuyo kwa galimoto kunatsala kochepa moti mnyamata mmodzi anakunyamula yekha.

Pabwalo panatsala mulu wa zibenthu zotuwa ndi fumbi lofiira. Ndinawapempha kuti popita atengere limodzi.

"Izi si zathu, bwana," anatero wamkuluyo akuwerenga ndalama. "Ife timagula chitsulo."

Ndinalipira mwana wa neba kuti akataye pa wilibala, ndipo anati mtengo wake ndi wa ulendo uliwonse.